Ndakatulo yotsanzikana ndi abusa

Lolemba

Pakamwa panga pandiputira mavuto. Dzulo kutchalitchi amayi a tcheya anafunsa kuti ndani adzalakatule ndakatulo Lamulungu likubwerali, potsanzikana ndi abusa athu amene akusamutsidwa. Ine dzanja m'mwamba: "Chichewa ndinkakhoza kusekondale." Kalekale limenelo! Ndikakalephera pamaso pa mpingo wonse, mumsika wa Chonde ndizidzayendamo bwanji?

Mwayi wake mwana wanga Tadala wasiya kope lake lakale popita kusukulu yogonera. Muli zipangizo za ndakatulo: chifanifani, voko, umunthu, chibwereza, funso lachodziwadziwa. Zisanu. Chimodzi pa tsiku, ndime imodzi pa tsiku, Loweruka ndamaliza. Zophweka!

Lachiwiri

Chifanifani: kufanizira chinthu ndi chinzake pogwiritsa ntchito "ngati". Ndalemba: "Abusa athu ali ngati phiri la Mulanje." Kukoma kwake! Ndikuwawerengera bambo a Tadala atangofika kuchokera kothyola tiyi. Iwo akuvula jombo, osandiyang'ana n'komwe: "Phiri limasamutsidwa?"

Munthu ameneyu sukulu analekezera Sitandade 6, koma kupeza zolakwa za ena ndiye katswiri. Ndafufuta.

Lachitatu

Voko ndiye kukokomeza. Apa mpakwathu, kukokomeza ndinabadwa nako. "Misozi yathu idzadzaza mtsinje wa Ruo mpaka kusefukira m'minda." Ndawawerengera a Nachisale, anzanga oyandikana nawo nyumba, tili pamjigo. Nkhope yagwa pomwepo. "Mayi, za madzi osefukira kuno sitichita nazo masewera. Nyumba yanga ija mwaiwala?"

Manyazi andigwira osati pang'ono. Ndapepesa kawiri, ndawasenzera ndowa mpaka pakhomo. Ndime imeneyonso yapita.

Lachinayi

Umunthu: chinthu chopanda moyo kuchita ngati munthu. "Ngakhale mabenchi afooka ndi chisoni." Ndaiyesa pokonzekera kwaya, ena mpaka m'manja. Amene wakawauza a Namakhwa akalipentala sindikumudziwa, koma masana ndangoona ali pakhomo, hamala m'manja. "Mabenchi ake ati afookawo? Onse ndinakhoma ndekha. Tiyeni mukandionetse."

Ine ndikufotokoza za umunthu, iwo akufotokoza za misomali. Apita atakwiyabe.

Lachisanu

Chibwereza. Ichi sichingalakwire munthu. "Musapite abusa, musapite, musapite!" Ndapita nacho kwa amayi a tcheya. Atseka chitseko kaye, kenako monong'ona: "Inu simukudziwa kuti theka la mpingo ndi limene linalemba kalata yoti achoke? Mukufuna tidzamenyane m'tchalitchi?"

Ndafika kunyumba, ndafunsa. Bambo a Tadala anasaina nawo! Ine ndimagona ndi nkhani m'nyumba osadziwa.

Loweruka

Chatsala funso lachodziwadziwa, losafuna yankho. "Adzatiweta ndani ife nkhosa zamasiye?" Ndikungomaliza kulemba, uthenga pafoni: abusa atsopano adzakhalapo mawa, pampando wakutsogolo, limodzi ndi mayi abusa. Ndiye ndidzafunse zimenezo mwiniwake akundiyang'ana?

Zomwe zili papepala panopa:
mutu wa ndakatulo
dzina langa
mawu akuti "zikomo"

Ndaganiza zodwala. Kutentha thupi kulibe, ndayesa kawiri. Ndangosita yunifomu yakutchalitchi.

Lamulungu

Mapemphero ayamba m'mamawa. Kwaya iliyonse ikufuna nyimbo zitatu. Kenako mphatso: mudzi uliwonse ukuyambira kukhomo, kuvina pang'onopang'ono mpaka kuguwa. Nanazi, nthochi, nkhuku, mbuzi yokana kulowa yomwe yatidyera nthawi yambiri. Mulungu aidalitse mbuzi imeneyo. Ine pepala lanyowa ndi thukuta m'manja.

Dzuwa litapendeka, alembi a mpingo aimirira: "Chifukwa cha nthawi, ndakatulo tailumpha." Ndapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lolemba!

Panja amayi andizinga. "Akulakwirani mayi, sabata yonse mukuvutika." Ine nkhope yolimba: "Palibe kanthu, ndawakhululukira." Amayi a tcheya andigwira dzanja: "Isungeni bwino, mudzalakatula atsopanowa akamadzachoka." Ndavomera, nanga n'kutani?

Kuyambira lero palibe amene aziwapempherera abusa atsopanowa kuposa ine. Ambuye, akhale pano mpaka akalambe.