Apongozi pa Njinga ya Mateyala Atatu

Linali Lachitatu loyamba la mwezi wa Juni chaka chatha, cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamene ndinakwera njinga yamoto ya mateyala atatu koyamba m'moyo wanga. Mpaka lero akazi anga akafuna kunditontholetsa pagulu amangoti, "Juni," ine n'kukhala chete.

Nkhani inali ya maso a apongozi anga. Ng'ala inali itaphimba diso lamanzere, lamanja nalo likuyamba. Tinamva kuti madokotala a maso abwera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga tsiku limodzi lokha, ndipo wochedwa adikira mpaka adzabwerenso, kaya liti. Apongozi amakhala m'mapiri kuseri kwa boma la Dowa, kumene minibasi siifika. Akazi anga, mayi a Tadala, ndi aphunzitsi, ndipo sabata imeneyo ankayang'anira mayeso. Alamu anga a Lingisoni anali ndi ulendo wa kumsika wa fodya ku Lilongwe. Wotsala ndinali ine.

Njinga yamoto ndili nayo yanga, ya mateyala awiri. Ndayenda nayo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zaka zambiri pa ntchito ya ulangizi wa mbewu osagwapo (kupatula kamodzi, koma yolakwa inali mbuzi). Vuto n'lakuti panjinga yotere wokwezedwa amagwira woyendetsa m'chiuno. Apongozi agwire mkamwini m'chiuno? Chikwatire changa, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira uko, ine uku, n'kupatsana moni titafulatirana. Mawu athu amadutsira mwa munthu wina. Achinyamata amaseka zimenezi, koma ife tinakula nazo ndipo sitinakanganepo.

Choncho a Lingisoni anandibwereka yawo, imene anagula kwa munthu wina ku Malomo atagulitsa soya. Kutsogolo ndi njinga, kumbuyo ndi ngolo yachitsulo yonyamulira mabelo a fodya.

"N'chimodzimodzi ndi yanu ija, alamu," anatero dzulo lake akundipatsa makiyi. "Kusiyana kwake n'kumodzi: iyi siigwa. Magiya onse mumapondera pansi, buleki yadzanja ndi iyi, chitsulo ichi n'cha rivesi. Mwamva?"

"Ndamva," ndinayankha. Munthu wa imvi sauza mlamu wake wamng'ono kuti bwerezani.

M'mawa uja, kwa apongozi kumene a Lingisoni anaisiya, tinamangirira mpando wansungwi m'ngolomo ndi linya, utayang'ana kumbuyo monga anafunira apongoziwo. Mayi wina woyandikana nawo anawakweza, n'kumangirira kumwendo wa mpando chikwama chimene munali buku lawo la kuchipatala. Ine nditakhala pachishalo ndinasuzumira m'galasi loonera kumbuyo, n'kuona duku la apongozi ndi khutu lawo. Ndinachita manyazi. Ndinapotoza magalasi onse awiri mpaka anayang'ana kumwamba. (Zimenezi muzikumbukire.)

Potuluka pakhomo, kutsogolo kunadutsa bwinobwino pachipata. Kumbuyo kunatenga mzati wa mpanda. Ndinali nditaiwala kuti ndine wamkulu kumbuyo kuposa kutsogolo. Mayi woyandikana uja anangoti, "Pitani, tikonza," akutola udzu.

Pa ngodya yoyamba ndinachita zimene thupi langa lachita zaka zonsezi: ndinapendeka. Njinga sinapendeke. Ndinapendeka kwambiri mpaka phewa kutsala pang'ono kukhudza bondo, koma iyo inangopita molunjika, n'kulowa m'munda wa mbatata. Poima ndinatsitsa mwendo kuti ndichirikize chinthu chimene sichinkagwa, ndipo teyala lakumbuyo linandiponda chidendene. Sindinalire. Mkamwini salira apongozi akumva.

Mwini munda anaweramuka pa mzere wake n'kundiyang'ana kwa nthawi.

"Bambo, kwathu kuno mbatata timakumba ndi khasu."

"Pepani mayi, ndi yachilendo."

"Ndi inu kapena ndi njinga?"

Ndinasakasaka chitsulo cha rivesi chija. Nditachikoka, tinatuluka m'mundamo chafutambuyo, mwaliwiro kuposa m'mene tinalowera. Tili pamsewu ndinafunsa mphepo ya kutsogolo kwanga kuti, "Kaya kumbuyoko kuli bwino?" Apongozi anatsokomola kamodzi. Kwa ife, kutsokomola kamodzi ndiye kuti kuli bwino.

Kuchokera pamenepo ndinayenda ngati wanyamula mazira, ndikudziuza mokweza pa ngodya iliyonse kuti, "Khotetsa manja, usapendeke." Manja ankamva, msana osamva. Msewu ukatsetsereka mbali imodzi, njinga nayo inkakokera komweko ngati ng'ombe yaona msipu. Dzuwa lisanakwere n'komwe, mapewa anga anali atatopa kale.

Kenako tinafika pa chitunda china cha kuseri kwa mlatho, pamene amayi amagulitsa nzimbe m'munsi mwake. Pakati pa chitunda injini inayamba kulemedwa. Pofuna giya yaing'ono, phazi langa linapondera pansi, monga lichitira pa njinga yanga. Pa iyi kupondera pansi ndi kuwonjezera giya. Injini inatsamwa n'kuzima, ndipo tinayamba kubwerera m'mbuyo, apongozi ali patsogolo pa ulendo wopita kumtsinje. Ndinatsitsanso mwendo (munthu saphunzira), ndinaliza hutala mosafuna, ndinayatsa nyali, mpaka dzanja linapeza buleki ija. Tinaima.

Ndinalimbana ndi injini nthawi yaitali. Ndikaliza, n'kumasula buleki, inkazima. Ndikaliza, inkazima. Thukuta linali m'maso ngakhale kunali chisanu cha Juni. Kumbuyo sindinacheuke, ndikanayang'ana bwanji munthu amene ndatsala pang'ono kumuponya mumtsinje? Mwadzidzidzi inavomera. Inakwera chitunda chonse mopepuka, ngati mwana wotumidwa kukagula shuga. Mumtima ndinati, tsopano ndaidziwa.

Amayi a nzimbe aja ankakuwa kumbuyo, wina akuthamanga m'mbali mwa msewu akukupiza chitenje. Ndinaganiza kuti akundisangalalira. Ndinakweza dzanja kuwathokoza, osaima, chifukwa kuimanso pachitunda ndinali nditalumbira kuti ayi.

Msewu wotsalawo ndinauyenda bwino, ndinene zoona. Ngodya ndinkazikhota ndi manja. Maenje ndinkawazemba ndi mateyala onse atatu. Pa mabampu ndinkachepetsa liwiro kuti okalamba asagwedezeke. Ndinafunsanso kuti, "Kaya kumbuyoko kuli bwino?" Sindinamve chifuwa. Ndinati mwina ndi phokoso la injini, mwina agona, mwinanso akwiya, ndipo ali ndi chifukwa.

Pachipata cha chipatala ndinaima mwaulemu, ndinatsika, ndinanyonyomala pambali pa ngolo maso ali pansi, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Tafika, amayi."

Chete.

"Amayi, tafika ku Mtengowanthenga."

Mayi wina wogulitsa mandasi pamenepo anasendera pafupi. "Bambo, wodwala ndi mpandowu?"

Ndinadzutsa mutu. Mpando unalipo, womangidwa bwino. Chikwama chinalipo. Apongozi panalibe.

Sindifuna kunena zambiri za ulendo wobwerera. Ndinkayang'ana m'ngalande iliyonse, ndikukonza mumtima mawu okauza akazi anga, ndipo palibe amene ankakhala bwino. Nditatulukira pa chitunda chija, amayi a nzimbe anaimirira onse.

"Abwera aja otaya apongozi!"

"Ali kuti? Avulala?"

"Avulale n'chiyani? Anatsika okha," anatero wamkulu wawo, akusenda nzimbe osafulumira. "Inu mukumenyana ndi chinjinga chanucho, iwo anati, 'Mwana wa eni akuvutika, ndimuchepetsere katundu, akandipeza pamwamba.' Tinawagwira dzanja, anatsika. Asanayende n'komwe, inu fuu!"

"Nanga bwanji sanandiitane?"

"Akuitaneni bwanji? Atchule dzina la mkamwini pamsewu? Anatuma ife. Tinakuwa mpaka mawu kutha, inu n'kutibayibitsa ngati phungu."

"Magalasi awo tawaonani," anatero wina, akuloza ndi nzimbe. "Akuyang'ana mvula."

Anandiuza kuti apongozi anadikira pang'ono, kenako anaimitsa wakabaza wa njinga yamoto, n'kudzera njira yachidule ya m'minda imene ya mateyala atatu singadutse. "Anam'gwira m'chiuno bwinobwino," anawonjezera wamkulu uja. "Si mkamwini wawo."

Mtima unakhala pansi. Ndinakhala pamwala kuti ndipume, chidendene chikuwawa. Ndipamene diso langa linagwa pa chikwama chija, chili lende kumwendo wa mpando. Apongozi anali kuchipatala, buku lawo lili ndi ine, ndipo dzuwa linali litadutsa pamutu.

Chitunda ndinachikwera ndi giya yoyamba kuyambira pansi mpaka pamwamba, injini ikulira ngati nkhumba yopita kumsika. Msewu womwewo, kachitatu. Mayi wina wodyetsa mbuzi m'mbali mwa msewu, amene ndinali nditam'dutsa kale kawiri, anasiya kundipatsa moni.

Ndinapeza mabenchi a odwala maso atatsala pang'ono kutha anthu. Apongozi anali kumapeto, manja pamiyendo. Aliyense wobwera pambuyo pawo ankamuuza kuti adutse, poti iwo buku analibe, ndipo kukadandaula kwa anamwino kuti mkamwini wathawa nalo sakanatha. Ndinatsimphina mpaka pafupi, ndinaika chikwama pansi, n'kubwerera m'mbuyo, maso kukhoma.

Apongozi anatembenukira kwa mayi amene anakhala naye pafupi. "Mayi, tandifunsireniko bambo a Tadala ngati mpando unayenda bwino."

Mayiyo anali ndi mawu a kwaya. "Akuti mpando unayenda bwino?"

Anthu onse otsala anacheuka, ngakhale omangidwa m'maso.

"Auzeni kuti unayenda bwino," ndinayankha.

"Auzeni kuti tathokoza," anatero apongozi. "Mpandowo ukanachedwa ukanapeza madokotala atapita."

Namwino anatuluka n'kunena kuti otsala alowe, akutseka. Apongozi anali omaliza kulowa. Patapita nthawi namwinoyo anabwera kudzandiuza kuti ng'ala aichotsa masana omwewo, agona konko, ndidzawatenge mawa.

Kunyumba ndinapeza nkhani itafika kale. Nzimbe zimayenda msanga. Mayi a Tadala anandithirira madzi ofunda m'beseni kuti ndiviike phazi. Kenako anati:

"Anzanu pamsewu amataya chipewa."

"Anatsika okha."

"Magalasi anali kuti?"

"Analipo."

"Ankayang'ana kuti?"

Ndinayang'ana m'beseni.

"Ulemu wanu ndi wa amayi udzapha munthu," anatero. "Wina satha kuitana, wina satha kucheuka. Mawa mayeso akadalipo, mupitanso nokha. Mukabwere nawo onse awiri, mpando ndi mayi anga."

M'mawa mwake ndinadzuka msanga. Ndinapita kwa apongozi n'kuimika mzati wa mpanda uja. Ndinamangitsa linya la mpando. Ndinakhala pachishalo n'kuyeseza magiya injini isanalire, ndikuwatchula mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Kenako ndinagwira galasi lakumanzere n'kulitsitsa pang'onopang'ono mpaka linaonetsa msonga ya mpando, pamene duku lawo lidzaonekere. Duku ndi lokwanira kudziwa kuti munthu alipo.

Lakumanja ndinalisiya likuyang'ana kumwamba. Pajatu apongozi tsopano akuona.