Duwa Lomwe Ndinagula ku Randburg

Anzanga, musanandiseke, ndiloleni ndifotokoze mwadongosolo, chifukwa mpaka lero mtima wanga ukuwirabe. Ine ndinaphunzira kusanthula mabuku kuyunivesite kwathu ku Malawi, ndipo ngakhale kuno ku Joni ndimagulitsa zolembera m'sitolo ina ku Randburg, kuwerenga sindinasiye. Amene anandigwira mtima ndi mabuku achikondi amakono aja, onena za anthu opeza banja pa mpikisano wa pa kanema. Kayendetsedwe kake n'kosiririka: mwamuna mmodzi, akazi angapo, makamera ponseponse, sabata iliyonse mkazi mmodzi amatsanzikidwa mwaulemu, ndipo pamapeto wosankhidwayo amalandira duwa dziko lonse likuonerera. Phunziro lake, monga ndinalimvera ine, ndi lakuti mkazi amadziwa kufunika kwake akasankhidwa pakati pa anzake.

Tsono panali Eneless, telala wa ku Zandspruit komwe ndimakhala, amene tinali titagwirizana kale za ukwati. Chinatsala n'kutumiza ankhoswe kwa amalume ake, bambo Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu. Koma ine, munthu wowerenga, ndinati ankhoswe ayambe adikira. Mkazi wotere ayenera kufunsiridwa monga m'buku.

Lamlungu lina titaweruka, ndinaitanira Eneless kuseri kwa tenti yomwe timapemphereramo. Ndinaitananso awiri a m'kwaya, Esnart ndi mayi Banda, n'kuwauza kuti pali kamwambo kakang'ono. Nanga mpikisano ungakhalepo bwanji popanda opikisana? Mnzanga Yohane, wowotcherera zitsulo, ndinamupatsa foni kuti ajambule. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Achimwene, zimenezi mwazilingalira?" Ndinamuyankha kuti ndaziwerenga, komwe ndi koposa kulingalira.

Ndinawaimika atatuwo pamzere, duwa lofiira lili m'manja mwanga, n'kuyamba ndi mawu otsogolera onena za chiyambi cha mabuku amtunduwu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Eneless anati, "Mufulumire, nsapatozi zikundiluma."

Lamulo la m'mabuku ndi lakuti uyambe ndi olephera, ndipo uwatsanzike mowayamikira. Ndinatembenukira kwa Esnart: "Nthawi yomwe takhalira limodzi sindidzaiiwala, koma mtima wanga wasankha kwina." Ndinkanena za nthawi yophunzira nyimbo kukwaya, anthu inu! Esnart anatong'ola maso. "Iii, nthawi iti? Ine ndi inu?" Eneless anapinda manja pachifuwa. Munthu wanzeru akadalekera pomwepo, koma ine ndinkadziwa kuti m'mutu womaliza mitima imayenera kuthamanga kaye, choncho ndinati zikuyenda bwino.

Ndinasendera kwa mayi Banda, ndinawagwira dzanja monga zimakhalira m'buku, n'kuwauza kuti kufatsa kwawo kwandivutitsa posankha. Ndikanadziwa bwanji kuti amuna awo, omwe tonse tinkati ali ku Dedza, anali atatsika basi Lachisanu, ndipo anali ataima kumbuyo kwanga pamodzi ndi bambo Kachingwe?

"Iwe! Dzanja limenelo ndi la mkazi wako?" anakalipa bambo Banda.

Ndinafotokoza modekha kuti mayiwo sindikuwafuna ayi, ndikungowachotsa mumpikisano.

"Ukuwachotsa? Analowamo liti?"

Bambo Kachingwe, amene anabadwira konkuno bambo awo akugwira ntchito m'migodi, anapukusa mutu. "Hawu, mfana! Ife tikudikira ankhoswe ako, iwe ukusonkhanitsa mitala kuseri kwa nyumba ya Mulungu?"

Ndinaona kuti chondipulumutsa n'kudumphira kumapeto kwa nkhani. Ndinagwada pafumbi, suti yanga yonseyo, n'kutambasulira Eneless duwa lija ndikulengeza kuti wopambana ndi iyeyo.

"Ndapambana? Ndinakuuzani kuti ndili pa mpikisano ine? Mwandiimika pamzere ngati nkhuku za pamsika kuti musankhe yonona?"

Anachoka osacheuka. Ndisanadzuke n'komwe, bambo Banda anali atandigwira tayi, mpingo wonse watuluka m'tenti, ndipo Yohane ankajambulabe, poti ndinali nditamulamula kuti asasiye zivute zitani.

Ankhoswe anga anayendadi, koma unali ulendo wokapepesa kwa a Banda. Kwa Eneless, amene foni yanga sankayankhanso, ndinatuma Yohane kuti akamufotokozere cholinga changa ndi kumuonetsa kanemayo ngati umboni wa mtima wanga woyera. Anapita, anabwerako opanda yankho. Ndinamutumanso, ndinamulangiza kuti aleze mtima ndipo azimumvetsera mkaziyo bwinobwino. Kenaka anayamba kupita osatumidwa. Chaka chisanathe, ankhoswe a Yohane anali pakhomo pa bambo Kachingwe, ndipo analandiridwa ndi manja awiri.

Mwaukali ndinakhuthula katoni yonse ya mabuku kuti ndipeze pamene olembawo anandinamiza. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti sanandinamize. Zinalembedwa poyera, buku ndi buku: kawirikawiri mtsikana sakwatiwa ndi mwamuna wonyamula duwa uja, amakopeka ndi wojambula, yemwe amakhala naye pafupi akamalira. Ine, wodziwa kusanthula nkhani, ndinadzisankhira ndekha mbali ya chitsiru, n'kupereka kamera kwa mkwati ndi manja angawa!

Ndalumbira. Ndikadzaonanso mkazi wondigwira mtima, ankhoswe adzanyamuka tsiku lomwelo, ndipo pa ukwati wanga wojambula adzakhala mlongo wanga.