Basela M'mfuti ya Alamu

Anzanga, ine ndimanenerera mtengo. Ngakhale bokosi la maliro ndikhoza kunenerera mpaka kalipentala kundiwonjezera misomali. Chizolowezi chimenechi ndicho chinandivula pagulu ku Utawala, mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, zaka zija ndinkayendetsa galimoto ya bungwe lina ku Gigiri.

Alamu anga a Chisale, achimwene awo a mayi a kunyumba, anali ndi mfuti ya mpweya, ija yoombera zitini ndi tizipolopolo tonga mapira. Munthu wosabwereketsa ngakhale cholembera! Koma popita kumudzi kutchuthi anandisungitsa mfutiyo nati, "Alamu, musaikhudze. Ndikabwera tikawaonetsa anyamata pa sikisi Julaye." Tsiku limenelo Amalawi tinkasonkhana pa puloti ya mnzathu ku Utawala, kuotcha mbuzi ndi kupikisana kugwetsa zitini, ndipo alamu anali asanagonjepo.

Ine mtima dyokodyoko. Bwanji ndiwakonzere mfutiyi ikhale yamphamvu, aone kuti mlongo wawo sanakwatiwe ndi chitsiru? Wailesi ndimakonza, ayironi ndimakonza, sukulu yake sindinapiteko. Nanga mfuti n'chiyani?

Ndinathamangira ku sitolo ya zamasewera ku Hurlingham, ya mkulu wina dzina lake Karanja. Ndinasankha magazini yolowa zipolopolo zambiri ndi sipuling'i yolimba, zonse zosakhala za kampani yopanga mfutiyo. Ndiye nkhondo inayamba. "Punguza, mzee!" ndinatero m'Chiswahili, kuti mdalayo atsitse mtengo. Ndituluke mpaka pakhomo, ndibwerere, nditulukenso, mpaka Karanja anagwira mutu n'kuvomera. Pamenepo munthu wanzeru akanapita. Ine ndinafunsa, "Nanga nyongeza?" Ndiye basela ameneyo m'Chiswahili.

"Awa si matimati, Mmalawi iwe!"

Ndinakoka mpando n'kukhala phee. Karanja anandiyang'ana, anatsegula dirowa, n'kuponya kasipuling'i kakang'ono m'pepala langa. "Chukua, uende! Tenga, uzipita!" Ndinatuluka ngati wopambana chisankho.

Kunyumba ndinamasula mfuti pa tebulo lodyera. Magazini inalowa, sipuling'i yaikulu inalowa, katsala kabasela kaja. Kodi basela amatayidwa? Ndinapeza kampata kumbuyo kwa chokokera, kachitsulo kaja umakoka kuti chipolopolo china chilowe, ndipo ndinakakankhiramo ndi msana wa sipuni.

Kuombera koyamba, phwaa! Chitini gwa! Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba. Ndikoke chokokera kachiwiri, chaima pakati ngati bulu waona mlatho. Ndinati vuto ndi zipolopolo, ndinagula zina. Tsopano zinkalowa ziwiriziwiri n'kutsamwitsana. Ndinati ikufuna mafuta, ndinathiramo a makina osokera a mayi, ndipo mfuti inalavula mafutawo pa katani yatsopano. Ndinapala magazini ndi chopalira zikhadabo. Ayi ndithu, chokokera chili njoo.

"Bambo a Tadala," anatero mayi a kunyumba, "bwezeranimo zakale achimwene asanabwere. Ine sindikakuyankhulirani."

Ndinamvera, magazini yakale ndi sipuling'i yakale zinabwerera m'malo mwake. Koma kabasela ndinakasiya momwemo. Chinthu chaulere chingakhale bwanji ndi mlandu? Mfuti inakanabe. Kubwerera kwa Karanja, ndikanamuyang'ana ndi nkhope iti?

Alamu anatsika ndege m'mawa wa tsiku lenilenilo. Ndinawapatsa mfuti ili m'thumba lake, yopukutidwa mbee, ndikupemphera kuti mvula igwe. Dzuwa linawala ngati lalipidwa. Zitini anazindandalika pa mpanda, mbuzi ikununkhira, amayi akhala pa mabenchi. Alamu anaombera koyamba, chitini gwa, anthu m'manja. Akoke chokokera, zii. Akokenso, mitsempha ya m'khosi tolotolo.

"Yakalamba ndi mfuti kapena mwini wake?" anakuwa a Banda, mkulu wa mpingo amene chaka chilichonse ankathera pa nambala yachiwiri.

Alamu anayala mpango pansi, anamasula mfuti pamaso pa anthu onse, n'kusolola kasipuling'i kopindika kali noninoni ndi mafuta.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Basela," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Basela wa kuti?"

Nditatchula Karanja, alamu anatulutsa foni ya m'manja, poti ankadziwana naye, n'kuikweza kuti aliyense amve. Atamufotokozera, kunamveka chiseko mpaka kutsokomola. "Hiyo ni ya mwavuli!" Ya ambulera, anzanga! Ambulera yake yothyoka! Karanja anapitiriza, "Mlamu wanu anakana kuchoka m'sitolo, ndikanamupatsa chiyani?"

A Banda anagwa pa benchi. Mayi a kunyumba anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena kuseka. Alamu anamanga mfuti yawo popanda kabasela, chokokera chikuyenda tsopano ngati chatuluka kumene m'bokosi, zitini zonse n'kuzigwetsa. Atamaliza anabwera n'kundiika kasipuling'i kaja m'thumba la malaya.

"Sungani alamu. Mvula ikayamba mudzabwereke mfutiyi, muzifunda."

Kuyambira tsiku limenelo Amalawi onse a mu Nairobi, ngakhale ana a Sande sukulu, amanditchula a Nyongeza. Kunenerera sindinasiye, kumeneko ndi kubadwa. Koma basela ndimapempha pa zinthu zolowa m'kamwa basi, ndipo mfuti ya alamu ndikaiona manja ndimapisa m'thumba.