Tiyi wa Alendo Ndinamuthyola Ndine

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandipatsa manja awiri amphamvu, ngakhale kuti tsiku lina manja omwewa anatsala pang'ono kumulanda mwana wanga ntchito asanaiyambe n'komwe.

Ndinathyola tiyi pa esiteti zaka zoposa makumi awiri, ndipo ana anga onse ndinaberekera ku malaini, nyumba zondondozana za ife antchito. Kunali utsi, matope, mpopi umodzi wa mabanja onse, ndi mikangano ya m'Chilomwe yoyambira pa ndowa n'kukathera pa mbiri ya agogo ake a munthu. Koma mchere ukakuthera, khomo lililonse linali lako. Lero malainiwo anagwetsedwa. Pamalopo pali loji ya alendo, kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali, ndi maluwa osadyedwa.

Mwana wanga wamkazi, Tadala, anaitanidwa ku lojiko kukayesedwa ntchito yolandira alendo. Ndinamuperekeza kuchokera ku Goliati kuti ndikamupempherere ndili pafupi. Asanalowe mu ofesi anandichenjeza kuti ndikhale pa benchi, ndisayankhule ndi aliyense, ndisakhudze kanthu. (Ana a masiku ano amalangiza makolo ngati anamwali.)

Ndinakhaladi, mpaka maso anga anagwera pa mwala umene tinkachapirapo zovala. Ndinawerenga mapazi kuchokera pamwalapo kufunafuna pamene panali khomo lathu, ndipo ndinapeza kuti pabwalo pathu anadzalapo timizere tinayi ta tiyi. Tiyi wake, abale, wophukira bwino, nsonga zanthete zili njo, wosakhudzidwa kwa masabata. Kapitawo wathu wakale akanaona akanadwala.

Ndinayamba kupemphera chiimire, ndikukumbukira anzanga amene anabalalika, ena ku Thekerani, ena kumanda. Pakamwa pankatchula mayina, koma manja anali atabwerera ku ntchito: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Mzimu unali kumwamba, thupi lili pa esiteti. Pofika pa ameni, chitenje changa chinali chitadzaza ndipo mizere yonse inali yosalala ngati tebulo. Ndisaname, ndinanyadira.

Pomwepo anatulukira a manijala, bambo wachinyamata wa tayi, akutsogolera azungu asanu, aliyense atabereka kadengu katsopano. Pambuyo pawo panali Tadala, amene mayeso ake omaliza anali owafotokozera alendowo kathyoledwe ka tiyi. Kani tiyi ujayu ankamusunga dala kuti alendo azithyola okha n'kumajambulitsa.

"Mayi, mwatani?" anafunsa a manijala.

"Ndakuthandizani, bambo. Akanakhwima."

Tadala anayang'ana kumwamba ngati wodikira kukwatulidwa. Kenaka anandilanda chitenje chija n'kuyamba kuwagawira alendo masamba m'timadengu tawo, akuwauza m'Chingerezi kuti lero achita mwayi, akumana ndi katswiri amene ankakhala pamalo pomwepo. Anandiuza kuti ndiwaonetse kathyoledwe pa kanthambi kamene ndinakaphonya. (Sindinakaphonye ayi, kanali kasanakwane.) Mzungu wina anafunsa pamene panali nyumba yathu. Ndinaloza pansi pa nsapato zake, ndipo anasuntha mwaulemu.

Tinabwerera ku Goliati pa minibasi. Ine sabata yonse ndinasala kudya kwa m'mawa, ndikudandaulira Ambuye kuti asalange mwana chifukwa cha mphulupulu za make. Lachisanu foni inalira. Ntchito anamulemba, koma a manijala anawonjezera pempho limodzi: amayi ake akabwera kudzamuona, azidikira kunja kwa geti.

Ndinavomera, pakuti wodzichepetsa ndiye amakwezedwa. Mwezi watha ndinakadikiradi kunjako, Baibulo nditaligwira ndi manja onse awiri. Kungoti mpanda wa pagetipo nawonso ndi wa tiyi, ndipo mvula ikugwa bwino chaka chino.

Ambuye akudalitseni nonse owerenga, atsegulire ana anu makomo a ntchito, ndipo awapatse mtima woleza pa ife makolo awo.