Chindimu cha m'Kabokosi ka Siliva

"Agogo, kodi m'kabokosi kasilivako mumagona ndani, poti mwayalamo thonje?"

Anafunsa choncho ndi Stela, mdzukulu wa a Bohor Finzi, chaka china ali wamng'ono. A Finzi, amene ankasunga makiyi a kasunagoge ka m'tauni yathu ya m'mbali mwa mtsinje wa Danube, anayankha kuti mumagona mlendo wodula kakhumi kuposa kabokosiko. Sananame. Ankanena etirogi, chipatso chonga ndimu koma chachikulu ndiponso chokakala, chimene Ayuda amachigwira m'manja popemphera pa Chikondwerero cha Misasa. Mpingo wawo unali wa anthu khumi ndi anayi, ndipo chaka chilichonse chipatsocho chinkabwera chimodzi basi, kuchokera ku likulu la dziko, ku Sofia.

Kuseri kwa mpanda kunali Stoyko, neba wawo, akupopa njinga. Funso analimva, yankho analimva, koma chipatso sanachione. Mawuwo anawasunga zaka zisanu, mpaka tsiku lomwe kachasu wa rakiya anawatulutsa pamaso pa anzake.

Kunali kumalo omwera a pafupi ndi doko. Pa tebulo panali Gancho, amene ankamutcha Injiniya chifukwa nthawi ina anamasula injini ya boti, naibwezeretsa, n'kutsala ndi mabawuti asanu ndi awiri m'thumba. Botilo silinayendenso. Panalinso Rumen, amene dzina lake loti Mimba silinkafuna kufotokozera.

"Kakhumi?" anatero Injiniya, akuika tambula pansi pang'onopang'ono. "Amwene, imeneyo ndi dayamondi. Zaka zisanu wakhala ukugona pafupi ndi dayamondi, n'kumatipempha ndudu?"

"Koma ndi aneba anga, akulu," anatero Stoyko.

"Nanga tikukawapha? Tikungokawapepukitsira katundu. Madala aja makiyi amawalemera kale."

Dilu yake inali yosavuta. Chaka chilichonse Stoyko ndiye ankabweretsa nthambi zofolera msasa wa chikondwerero pabwalo la sunagoge. Chaka chino apita atatu. Anthu onse akakhala panja kuyang'ana denga, Mimba alowa m'kachipinda ka m'sunagoge mmene ankasungira kabokosi, akatenga, basi.

"Mphindi zisanu," anatero Injiniya. "Ndawerengetsa."

Chimene sanawerengetse ndi mayi Vida, akazi a a Finzi. Mayiwo ataona amuna atatu amphamvu akulowa pageti, nkhope yawo inawala ngati aona ana awo obwera kuchokera kunja.

"Inu wamagalasi, kwerani pamakwerero! Inu wonenepa, gwirani mzati!"

Injiniya anakwera. Anayala nthambi.

"Zachuluka! Nyenyezi tiziziona bwanji?"

Anachotsako.

"Zachepa! Mthunzi uzipambana dzuwa, bambo inu. Kwanu simufolera?"

Anawonjezera. Kenako panabwera madala atatu a mumpingo, aliyense ndi maganizo ake pa denga lomwelo, n'kuyamba kukangana za mmene malemu bambo awo ankafolerera. Mphindi zisanu zija zinasanduka maola anayi. Injiniya anakhoma matabwa a khoma la kumbuyo kwa msasa, napachika mphesa, maapozi ndi tsabola wofiira, thukuta lili chuchuchu. Mimba anadya timikate ta tchizi khumi ndi tiwiri, n'kulandiranso tina tokadyera kunyumba. Pomaliza anapempha kopita kukadzithandiza, natuluka kabokosi kali m'malaya. Palibe anadabwa. Mimba yake inali choncho kale.

Anakatsegulira kuseri kwa maboti akale. Injiniya anapukuta manja, nachotsa thonje mwaulemu. Onse atatu anawerama.

"Ndimu," anatero Mimba.

"Yang'ana pansi pake."

"Thonje."

"Chindimu! Ndakwera makwerero maola anayi chifukwa cha chindimu?" Injiniya anatembenukira Stoyko. "Iwe makutu ako ndi okongoletsa chabe?"

"Tingochidula," anatero Mimba. "Mu tiyi chikhoza kukoma."

Stoyko anawasiya akutukwanana, nabwerera kwawo mtima uli myaa, poti dayamondi panalibe, ndiye kuti tchimonso linali laling'ono. Koma pampanda anapeza a Finzi ataima, chipewa chili chopendekeka, nkhope yatuwa ngati phulusa.

"Stoyko mwanawe, atibera."

"Pepani bambo. Siliva wodula uja?"

"Siliva wanji? Kameneko ndi kachitini ka shuga ka apongozi anga, kongopaka pamwamba. Akadye nako. Ndikulira chipatso. Chikondwerero chiyamba mawa dzuwa likalowa, ndipo ku Sofia zatha, ndaimba lamya. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndasunga makiyi, mpingo sunapempherepo manja ali lendelende. Mawa ndikawauza chiyani anthu? Ndipo ngakhale atachitaya panjira n'kuchitola, kamphuno kake kapamwamba kakangothyoka, chatha ntchito. Wakuba angadziwe bwanji za kamphuno?"

Stoyko anakumbukira chaka chimene mkazi wake anagonekedwa m'chipatala, mmene mayi Vida ankapatsira msuzi pampanda womwewu tsiku ndi tsiku. Anakwera njinga.

Anapeza Mimba akutsuka mpeni.

"Usachikhudze! Tibweze, akulu. Kabokosi n'kachabe, chodula ndi chipatsocho. M'dziko muno mulibenso china."

Apa ndi pamene Stoyko analakwitsa kachiwiri, chifukwa Injiniya m'mawu onsewo anamva awiri okha: chodula, mulibenso.

"Ndinadziwa!" anatero. "Ndimangokuyesani. Mawa tikugulitsa."

M'mawa mwake anapita nacho kumsika, nachiika pa nyuzipepala pakati pa amayi ogulitsa mandimu. Mtengo anati maleva mazana asanu. Mayi wina anaseka mpaka kukhala pansi. Wina anafunsa ngati chindimucho chimaimba nyimbo. Agogo ena anachinunkhiza n'kunena kuti apereka leva imodzi, poti chikuoneka chodwala.

"Anthu osaphunzira," anatero Injiniya. "Katundu amafuna wodziwa mtengo wake. M'tauni muno ndani amadziwa?"

"A kusunagoge," anatero Mimba.

"Eya! Ndipo chawo chabedwa dzulo. Agula ndi manja awiri!"

"Akulu," anatero Stoyko, "chimene chabedwacho ndi chimenechi."

"Ndimu ali ndi nambala? Khala chete, bizinesi suidziwa."

Stoyko anakhaladi chete, poona kuti chipatso chikubwerera kwawo chokha. Anangopempha kuti anyamule ndiye, ndipo njira yonse anayenda ngati wasenza mazira, chala chili chotchinga kamphuno.

Anafika dzuwa litapendeka. Pageti panali wapolisi amene ankatumizidwa kudzalondera pa zikondwerero, akudya kamkate ka mayi Vida. Injiniya anamupatsa moni wa ulemu wonse, atavala jekete la ukwati ndi chipewa chobwereka kuti asadziwike. Mumsasa munali mpingo wonse, ukuyala matebulo mosakondwa.

"Mabwana ndi madona," anayamba Injiniya ndi mawu okhuthala, "ndine wamalonda wochokera kutali. Ndamva za tsoka lanu. Mwamwayi, amalume anga amalima zipatso zoterezi."

"Si inu munatifolera dzulo?" anafunsa mayi Vida. "Pakona apo mwasiya dzenje."

"Ameneyo ndi mphwanga. Mimba, onetsa katundu."

Mimba, pofuna kuti katundu aoneke waulemu, anatulutsa kabokosi kasiliva m'malaya, natenga chipatso m'manja mwa Stoyko, nachigoneka pa thonje lake lomwe lija. Mumsasa munangoti zii. A Finzi anayang'ana kabokosi, nayang'ana Stoyko. Stoyko anayang'ana nsapato zake.

Injiniya anaganiza kuti chetelo ndi la ogula amene akufuna kutsitsa mtengo.

"Ndaona chimene chikukuvutani," anatero. "Ndi kanthu koipa kali pamwambaka. Musadandaule, timakonza pompano, ulere." Anatulutsa mpeni.

Anthu khumi ndi anayi, ambiri a iwo oyendera ndodo, anakuwa kamodzi, mfuu yake mpaka nkhunda za padenga la sunagoge zinauluka. Stoyko sanakuwe. Anangoponya dzanja. Mpeni unatsikira pa chala chake chachikulu, ndipo kamphuno kanatsala kali njo.

Wapolisi analowa akutafunabe. Injiniya anafuna kuthawira kumbuyo, koma kumbuyo kunali khoma la matabwa limene iye mwini anakhoma dzulo lake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anali atagwira ntchito yolimba. Mimba sanayese n'komwe. Anangofunsa ngati angatengeko timikate tiwiri.

"Nanga uyu?" anafunsa wapolisi, akuloza Stoyko amene mayi Vida ankamumanga chala ndi kansalu ka patebulo.

A Finzi anali atanyamula chipatso, akuchitembenuza pa kuwala.

"Uyu ndi neba wanga," anatero. "Mlandu wake ndikamba naye pampanda."

Anakambadi, chikondwerero chitatha. Stoyko anafika chala chili chomangabe, mawu atawakonza usiku wonse, koma atangoona a Finzi onse anabalalika.

"Ndine ndinawauza, bambo."

"Ndikudziwa. Anzako aja nzeru zopeza okha kachipinda alibe."

"Ndiye muchita nane chiyani?"

"Mawondo angawa basi ya ku Sofia sakuithanso. Chaka chamawa pafunika munthu wokatenga chipatso, wodziwa kuti kamphuno n'chiyani. M'tauni muno, kunja kwa mpingo, alipo mmodzi yekha."

"Mungandikhulupirire?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndikufuna ulonjeze. Uchinyamula pamiyendo, sugona m'basi, ndipo ukatsika sudzera kudoko."

"Ngakhale tambula imodzi?"

"Imeneyo udzamwera mumsasa, patebulo langa, chipatso chitalowa m'nyumba. Ndalonjeza."

Stoyko anatambasula dzanja pamwamba pa mpanda. "Nanenso ndalonjeza, bambo. Koma gwirani pang'onopang'ono, chala chikupwetekabe."