Nkhuku za Paubatizo ndi Ndowa ya Makoko

Kwathu kuno, chakufupi ndi ku Namitete, kuli amayi ena amene akandiona amayamba kutsokomola kuti abise kuseka. Sindiwada ayi. Chinandipachika ine ndi manyazi.

Mwana wanga woyamba, Tadala, ankayembekezera ubatizo. Apongozi anga aakazi, omwe ndi mkulu wa amayi kumphakati, anagula anapiye oyera aja a nyama n'kundipatsa. "Amake Tadala, ndiwo za paubatizo ndi izi. Tione manja anu." (Ine ndili pachitengwa, ndiye mawu otere suyankha, umangowomba m'manja.)

Nkhukuzo zinkadya ngati aganyu, koma kukula ayi. Tsiku lina alangizi a zaulimi anabwera m'mudzi n'kunena kuti makoko a nthochi ndi a malalanje amathandiza nkhuku kukula ukawasakaniza ndi chakudya chake. Atangoyamba kufotokoza kakonzedwe kake, Tadala analira, ine n'kupita naye kuseri kukamuyamwitsa. Pobwerera ndinapeza akufunsa kuti, "Alipo ali ndi funso?" Funso linali pakhosi penipenipa. Ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Kumsika wa Msundwe makoko amangotayidwa, koma ine kutola anthu akuona? Ndinkagwetsa dala kansalu ka mwana pafupi ndi ogulitsa nthochi, n'kukatola pamodzi ndi makoko. Mpaka mayi wina wogulitsa anatopa nane. "Achemwali, kansaluko kada mokwanira. Nayi jumbo, wolani bwinobwino."

Kunyumba ndinaganiza kuti makoko ndi olimba, ayambe afewa. Ndinawaika m'ndowa, n'kuthiramo madeya ndi madzi ofunda, kuvundikira, n'kukabisa kuseri kwa khola poopa kufunsidwa. Munali mu Okutobala, dzuwa lija. Patapita masiku ndowa inayamba kuchita thovu. (Ine ndinati mavitamini aja ndi amenewa, akutuluka.)

Nditazipatsa za m'ndowazo, nkhuku zinadya mpaka kugogoda pansi pa mbale. Pofika masana zina zinkadzandira, ina inkayenda chafutambuyo, ina inagona chagada miyendo m'mwamba. Ndiye tsiku lake lomwelo amayi a kumphakati anabwera pakhomo kudzaphunzira nyimbo za ubatizo.

"Chitopa!" anakuwa apongozi. "Kwirirani zonse zisanapatsire za eni ake!"

Amuna anga anathamangira khasu. Ine ndinkangoona ndiwo za mwana wanga zikupita kudzenje. Koma aNabanda, mmodzi wa amayi aja, amene ankatcheza kachasu asanalape, anakweza mphuno m'mwamba.

"Tadikirani. Chitopa sichinunkha chonchi."

Mphuno inawatsogolera mpaka pandowa paja. Anavundukula, n'kulawa ndi chala. "Amene wafulula apa ali ndi dzanja."

Apongozi anatembenukira mwana wawo. "Iwe! Mowa pakhomo panga, ubatizo uli pafupi?" Amuna anga, munthu wosalawa ngakhale thobwa logonetsa, anasuzumira m'ndowamo, khasu lili m'manja.

"Ndine, amayi," ndinatero chapansipansi.

"Mukuti chiyani? Kwezani mawu."

"Ndine. Ndi mavitamini."

Nyimbo sizinaphunziridwe tsiku limenelo. Amayi ena anachita kukhala pansi ndi kuseka, ndipo aNabanda anafunsa ngati kunali kulakwa kutaya zotsalazo.

M'mawa mwake nkhuku zinadzuka ndi ludzu, zikundiyang'ana ndi diso limodzi. Palibe inafa. Paubatizo anthu anadya, ndipo apongozi pondionetsa kwa alendo ankati, "Uyu ndi mpongozi wanga. Salankhula, koma musamusiye yekha ndi ndowa."

Pambuyo pake ndinamva kwa anzanga kuti makoko aja umayanika mpaka aume, kusinja, n'kuthira pang'ono chabe m'chakudya. Nanga pang'onopo ndi pochuluka bwanji? Alangizi aja anabweranso mwezi wathawu, ndipo pomaliza anafunsa kuti, "Alipo ali ndi funso?"

Zala zanga zakumapazi zili bwino, zonse zilipo.