A Simioni ndi Chulu cha Kuseri Kwathu

Amene munakhalapo kuno kufupi ndi Nkopola mukudziwa kuti a Simioni sankafunsidwa njira. Munthu wachangu ankawalambalala. Anaphunzitsa jogalafe kusekondale zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito, boma lokha ndi limene linadziwa kuti apuma. Iwo anapitiriza kuphunzitsa aliyense woima pafupi nawo.

Tsiku lina woyendetsa lole ya simenti anaima pamsewu.

"Bambo, ku Makokola n'kuti?"

"Funso labwino," anatero a Simioni, akugwira kampasi imene inkalendewera m'khosi mwawo. "Koma kodi mukudziwa kuti mwaima m'chigwa chimene chinapangika dziko litang'ambika?"

"Ine ndikufuna ku Makokola."

"Tifikako. Zimitsani injini."

Akuti simentiyo inakafika itasanduka miyala.

Pakhomo pawo anaimikapo botolo loyezera mvula. Mvula igwe mpaka kugwetsa zimbudzi, iwo sankavomera kuti yagwa asanayeze. Tikamachokera kumsika zitenje zili nyowe, ankatiuza kuti, "Musadzitame, mwanyowa ndi mamilimita asanu okha." Mu Okutobala wina, dzuwa likuswa mtengo, anapeza botolo lija litadzaza. Anavala tayi n'kuyenda khomo ndi khomo kulengeza kuti mvula yodabwitsa yagwa pakhomo pawo pokha. Anafika kwa mayi Ajira, oyandikana nawo, kope lili m'manja.

"Inu simunamve kanthu m'mawawu?"

"Wallahi, aphunzitsi, amenewo ndi madzi otsukira mpunga. Ndimayesa mwadzalamo maluwa."

A Simioni anasuzumira m'botolo, naona timpunga tiwiri pansi. Analemba m'kope muja kuti: "Mamilimita makumi anayi. Gwero: mayi Ajira."

Ine ndinkaseka chapansipansi monga anzanga, mpaka chaka chimene Keti, mwana wanga, analephera mayeso a Fomu 4. Bambo ake anali atangomwalira kumene. Keti anakhoza maphunziro asanu, pamene satifiketi imafuna asanu ndi limodzi, ndipo jogalafe ndi imene inamugwetsa. Amalume ake anati abwereze kamodzi kokha. Akalepheranso, apite kudoko azikayanika usipa.

Chinkamuvuta Keti chinali mapu, makamaka mizere yozungulirazungulira yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo. "Amayi, ine ndikungoona ngati zakudya za nkhuku zamwazika," ankatero, misozi ili m'maso. Nanenso sukulu ndinasiyira Fomu 2, mizereyo ndisanaidziwe.

Kupempha kumandivuta chibadwire. Ndinapita pachipata cha a Simioni katatu, ndipo katatu konseko ndinangowapatsa moni n'kubwerera. Ulendo wachinayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amake Keti, moni wanu wachuluka sabata ino. Wadwala ndani?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndi mapu."

"Mapu sadwala. Loweruka mundisungire phulusa."

Loweruka anabweradi, opanda buku ngakhale limodzi. Analunjika pachulu chachikulu cha kuseri kwa nyumba yanga, naika chidebe cha phulusa pansi. Anajambula mzere woyera kuzungulira chulu chonse m'munsi, anayeza chikhatho chimodzi chokwera, najambulanso wina, mpaka pansonga. Atatha anali mbuu ngati chinyau.

"Keti, kwera mumtengo wa mangowu."

"Ine, aphunzitsi? Ndine wamkulu."

"Mayeso sadziwa zimenezo. Kwera, uyang'ane pansi. Ukuona chiyani?"

"Mizere."

"Uko yathithikana, chulu chili bwanji?"

Keti anayang'anitsitsa. Kenako anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "N'kotsetsereka kwambiri! Amayi, ndi mapu! Chulu chathu ndi mapu!"

Nkhani ikanathera pomwepo, koma a Simioni sankakhulupirira chinthu asanachione okha. Anavula nsapato n'kukwera nawonso, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Kukwera anakwera bwino. Kutsika ndiye kunakanika, ndipo nyerere zofiira za mumtengo zinawalowa m'thalauzi. Tinaitana Sumani wakabaza kuti abweretse makwerero.

"Tsikani, madala, mungathyoke!" anatero Sumani.

"Dikira, ndisanamalize. Keti, kumpoto n'kuti? Mayo! Sumani, gwira bwino makwererowo. Iwe, ndati kumpoto!"

Loweruka lotsatira kunabwera ana a Fomu 4 asanu ndi atatu, ena ochokera kutauni. Amayi a m'mudzi anayamba kutitumizira phulusa m'mabeseni ngati kuli zinkhoswe. A Simioni anagumula mbali imodzi ya chulu kuti pakhale chigwa, nathira madzi pansonga kuti ana aone kumene mtsinje umalowera. Ndikawapatsa tiyi, ankamwa ataimirira, akulozabe ndi supuni.

Keti analemba mayeso mu Julayi. A Simioni anamwalira mu Ogasiti, atadwala masiku anayi okha, zotsatira zisanatuluke. Zitatuluka, Keti anakhoza jogalafe ija ndi mapointi atatu. Sanabwere kunyumba poyamba. Anapita kumanda kwa a Simioni ndi pepala lake, ndipo anthu anamumva akuwerenga mokweza phunziro lililonse, pang'onopang'ono, monga mmene mwiniwake akanafunira. Pano ali kukoleji ya zauphunzitsi.

Masiku ano Loweruka limakhala zii. Phulusa timangotaya kudzala, ndipo mizere ija inapita ndi mvula yoyamba. Mwezi wathawu kunabwera munthu woumba njerwa, nati dothi la chulu changa ndi labwino, ndimulole akumbe. Ine amene sindinakanizepo munthu ngakhale mchere, ndinamva pakamwa panga pakuyankha ndisanaganize.

"Pepani, bambo. Imeneyi ndi sukulu."